Likongwe Anenerera Kabokosi

Padangokhala. Apa mumayenera kuyankha kuti tili tonse, ndipo ndamva ena mwayankha kale musanadziwe komwe ndikukutengerani. Musachite manyazi, tonse timatero.

Kalekale, nyama zitangophunzira kumene kukanda mafoni, kudali Likongwe wogulitsa mazira. Komwe ankawatenga mazirawo palibe ankafunsa, chifukwa wofunsa ankamukwezera mtengo. Likongwe adali mnzathu ife a kumsika, amene masamu tidaphunzirira pa zala, ndipo lamulo lake lidali limodzi lokha: mawu oyamba savomereka. Wina akamupatsa moni kuti, "Kwacha bwino lero, a Likongwe," iye ankasuzumira kumwamba n'kuyankha kuti, "Kucha kwacha, koma bwinoyo muchotsepo pang'ono." Amati ngakhale pa ukwati wake, ankhoswe atamufunsa ngati wavomera, adayamba wafunsa ngati mawu awowo adali omaliza.

Chaka chimenecho nyama zidamanga msika watsopano, ndipo a Njati, tcheyamani wa msikawo, adaitanitsa amalonda onse.

"Zolimbirana malo ndi zigongono zatha," adatero a Njati. "Benchi muzilembetsa pa tsamba la pa intaneti. Woyamba kutumiza atenga ya pachipata, wachiwiri yotsatira, choncho mpaka kumapeto. Mabenchi akatha, atha. Wopanda benchi sagulitsa muno, ngakhale pansi."

Likongwe atamva za pachipata makutu adaima. Mazira munthu amagula potuluka, atamaliza zonse, kuti asamuswekere m'thumba. Komanso dzira si nyemba zoti ungasunge kudikira msika wina: ukasowa pogulitsira, katundu amayamba kukuuza yekha ndi fungo.

Komiti idaika foni yaikulu ngati thireyi pachipata pomwepo kuti aliyense alembetserepo, ndipo woyamba pamzere adali Likongwe. Adalemba dzina. Adalemba mudzi. Pa malonda adalemba kuti mazira, n'kuthokoza chamumtima kuti tsambalo silidafunse kuti ndi a nkhuku ya ndani. Kenaka adafika pansi penipeni. Pamenepo padali kabokosi kakang'ono kopanda kanthu, kanyenyezi kofiira pambali pake, ndi mawu onena kuti wolembayo wawerenga malamulo a msika ndipo wavomera. Pansi pa kabokosiko padali batani lotumizira, ndipo pa batanipo padakhala Nanzikambe.

Nanzikambe ndiye adali mlonda wa tsambalo. Diso lina linkakhala pa kabokosi, lina pa wolembetsa. Kabokosi kakachongedwa, ankabiriwira n'kusendera kuti chala chifike pa batani. Kakakhala kopanda kanthu, ankafiira n'kulikumbatira batanilo ndi miyendo yonse inayi.

Likongwe adalumpha kabokosiko n'kulozetsa chala pa batani. Nanzikambe adafiira ngati tsabola.

"Pepani bambo," adatero Nanzikambe, mawu akutuluka limodzilimodzi, "simunachonge."

"Ndaona. Malamulowo akuti chiyani?"

"Kusesa pamalo panu, kusapinda mbale yoyezera, kusatukwana ogula. Ndi omwewo basi."

"Amenewo ndilibe nawo mlandu. Kusesa ndimasesa, mazira sayezera m'mbale, ndipo ogula ndimawatukwana atapita kale."

"Ndiye chongani, bambo."

"Aa, achimwene, mwathamanga. Mwati popanda kuvomera kwanga palibe chitheke?"

"Palibe."

"Ndiye kuti kuvomera kwangako ndi katundu, katundu wosowa. Mudaona kuti katundu wosowa akuperekedwa ulere? Mundipatsa chiyani?"

"Benchi."

"Benchi ndi ya dzina ndi mudzi, zimenezo ndapereka kale. Ine ndikunena za inde wanga."

Nanzikambe adangomuyang'ana ndi diso limodzi, lina lili pa kabokosi.

"Chabwino," adatero Likongwe, "poti ndinu wathu, tikumane pakati. Ndichonga theka. Kamzere kotsika ndilemba ine, kokwera mulembe inu."

"Kabokosika kalibe theka, bambo. Kamadziwa ziwiri zokha, kuchongedwa ndi kusachongedwa."

Padenga la msika pankakhala mpheta, zimene zilibe malonda koma nkhani za amalonda zimazidziwa zonse. Zitaona kuti Nanzikambe sakusintha mtundu, zidayambitsa kanyimbo. Kadali ka mizere iwiri yokha: woyamba unkafunsa chimene chalemetsa chala cha munthu wamkulu, wachiwiri unkayankha kuti kabokosi kalibe makutu. Mawu omaliza zinkawakoka ngati mwana wolirira chitumbuwa, ndipo ntchembere za pamzere zidakalandira ndi m'manja.

Apa Likongwe adatulutsa chida chachikulu cha ife onenerera. Adapukusa mutu, adasasa fumbi m'manja, nati, "Basi, ndikaona kwina," n'kuyamba kuchoka. Kachokedwe kake mukukadziwa: suthamanga, sutembenuka, makutu umawasiya kumbuyo. Wogulitsa aliyense wokhala ndi magazi amakuitana usanapite patali.

Adayenda. Palibe adamuitana. Adachepetsa mayendedwe. Palibe. Adanamizira kuzula minga kuphazi, adazulanso ina kuphazi linalo, koma kumbuyo kudali zii. Pomaliza adaima ndi miyendo iwiri n'kucheuka, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero likongwe akadutsa msewu amaima n'kucheuka: akudikirabe kuti amuitane. Chimene adaona ndi Nkhanga wa tomato atachonga osawerenga n'komwe, Nanzikambe ali biriwiri, benchi ya pachipata yapita.

Adabwerera, koma mzere sudamusungire malo. Adakaima kumapeto, kumbuyo kwa Bongololo wogulitsa masokosi, yemwe ankabuula pa kusuntha kulikonse.

"Chavuta n'chiyani, alamu?" adafunsa Likongwe.

"Nyamakazi, alamu. Miyendo."

"Iti?"

"Ya pakatiyi, kuyambira apa mpaka uko."

Likongwe adaganiza msanga. Vuto silidali loti kabokosi kachongedwe, vuto lidali loti wochongayo akhale iye. Wina akamuchongera, benchi idzakhala yake, koma inde adzakhala wa eni mwendo.

"Alamu, galasi la foni ijayi ndi lofunda ngati mwala wa padzuwa. Wa nyamakazi akangoyendapo, makamaka pansi penipeni pali kabokosi paja, amatsikapo akuvina. Ine ndikamaliza kulemba zanga ndikukwezani."

"Ulere?"

"Kwa inu nokha. Musauze wina."

Atafika pa foni, Likongwe adapeza zonse adalemba zija zitafufutika, ngati sadabadwe n'komwe. Adalembanso dzina, mudzi, malonda, kenaka adanyamula Bongololo n'kumuika pagalasi. Bongololo adayamba ulendo. Mwendo woyamba udaponda kabokosi, kadachongedwa. Wachiwiri udaponda, kadafufutika. Wachitatu udachonga, wachinayi udafufuta. Nanzikambe ankati abiriwire, wafiira. Ati afiire, wabiriwira. Mpaka maso ake adayamba kuzungulira ngati mipira.

"Bambo, ndikomoka!" adakuwa, ndipo kadali koyamba kumumva akulankhula mofulumira.

Mwendo womaliza udadutsa. Kabokosi kadatsala kopanda kanthu.

"Alamu, mulibe mwendo wina wotsala?"

"Onse ndadutsa nawo. Kwathu imayenda iwiriiwiri." Atatero Bongololo adamva kufunda kukulowa m'mafupa, adadzipinda pagalasi pomwepo n'kuyamba kuliza mkonono.

"Ndipo bambo," adatero Nanzikambe akupuma movutika, "ngakhale kakadachongeka, dzina lili pamwambali ndi lanu. Kabokosi sikafunsa kuti mwendo ndi wa ndani."

Mpheta zidayambiranso kanyimbo kaja, koma tsopano zidawonjezera mzere wonena za munthu amene adabwereka miyendo yambirimbiri n'kulephera kufika pomwe chala chimodzi chimafika. Kadakoma kwambiri moti ena pamzere adayamba kudula chiuno. A Njati adabwera, adachotsa Bongololo ndi kamtengo, n'kulozera Likongwe kumapeto kwa mzere.

Likongwe adaima kumeneko akuona mabenchi akupita imodziimodzi, ya Gwape, ya Fulu, ya Nungu wogulitsa singano.

"Ine Likongwe," adadziuza yekha, "amene ndidagulitsapo dzira kwa nkhuku yomwe idaliikira, iyo n'kundithokoza, lero ndikupanikizidwa ndi kabokosi kochepa kuposa njere ya chimanga. Abale anga akamva adzasintha mfunda."

Koma nzeru za wamalonda zimabwera akapsa mtima. Adakumbukira kuti Nanzikambe sagwira kabokosi, amangokayang'ana. Wogula amene amangoyang'ana osagwira, ife timamukonda kwambiri.

Adagwira chiwala, adachidya, koma adasunga mwendo umodzi wakumbuyo, uja wopindika ngati mmene aphunzitsi amachongera m'kope. Adagwiranso ntchentche yamoyo n'kuifumbata. Atafika pa foni adalemba zake kachitatu, modekha, akuimba kamluzu.

"Mwaganiza bwino, bambo?" adafunsa Nanzikambe.

"Ndaganiza, achimwene. Munthu umakula."

Adafumbatula dzanja. Ntchentche idauluka pamphuno pa Nanzikambe, ndipo maso onse awiri adaiwala ntchito. Lilime lidatuluka, lidabwerera. Pa kanthawi kameneko Likongwe adanyowetsa mwendo wa chiwala ndi malovu n'kuumata pagalasi, pakati pa kabokosi penipeni. Nanzikambe atameza, diso lidabwerera pa ntchito, lidaona kamzere kotsika ndi kokwera, ndipo thupi lonse lidabiriwira ngati masamba a nthochi. Adasendera. Likongwe adadina batani, mchira wake n'kusesa mwendo uja osaonedwa ndi aliyense. Tsamba lidalemba mawu othokoza.

Padenga padali zii.

Benchi imene idamugwera idali ya pakati, koma chipata chinkaonekabe. Likongwe adasanja mazira ake milumilu, adaima pamwamba pa benchi n'kuziimbira mpheta nyimbo yazo yomwe, atasintha mawu kuti inene za mlonda amene mimba yake ili ndi maso akuthwa kuposa a kumutu. Adaiimba moipa, poti mawu a likongwe si oimbira, koma adaiimba yonse.

"Lembani pamtima, abale," adauza oyandikana nawo. "Msika wonse uno wavomera. Wosavomera ndine ndekha, ndipo benchi ndi iyi."

Asanagulitse dzira ngakhale limodzi, dothi la pansi pa benchi lidayamba kutukumuka. Mudatuluka mphuno, kenaka manja aakulu ngati makasu, kenaka a Mfuko. A Mfuko adali kalaliki wamkulu wa msika. Ankakhala pansi pa nthaka, ndipo zonse zotumizidwa pa foni ija zinkatsikira kwa iwo pa waya. Amalonda ambiri sankadziwa n'komwe kuti aliko.

"Likongwe ndi uti pano?" adafunsa a Mfuko, nkhope ikuloza kolakwika.

"Zitengera nkhani yake, bwana," adayankha Likongwe.

"Kabokosi kanu kafika kopanda kanthu."

"Sizingatheke. Nanzikambe anabiriwira. Mboni ndi msika wonse."

"Kubiriwira n'kutani? Ine mitundu sindiidziwa, maso angawa ndi a mwambo chabe. Nanzikambe amaona za pagalasi. Ine ndimapapasa zimene zatsika. Ndapisa dzanja m'kabokosi kanu, ndapisanso, mulibe kanthu."

"Mwina chinagwera m'njira. Wayayo ndi wautali."

"Dzina lafika. Mudzi wafika. Mazira afika osasweka. Chogwa n'kukhala chokhacho?"

Likongwe adakanda kumutu. "Koma bwana, tinene chilungamo. Kabokosi kamodzi, alonda awiri? Kumeneko si kuwononga anthu?"

"Wapamwambayo ntchito yake ndi kukumbutsa oiwala," adatero a Mfuko. "Ine adandiikira anthu ngati inu."

Likongwe adatsitsa mawu. "Dzira mumadya, bwana? Lalikulu, la zachikasu ziwiri m'kati?"

"Ndimadya mizu."

"Ndi zimenezo," adadandaula Likongwe. "Tsiku limodzi ndakumana ndi kalaliki mmodzi yekha wodya mizu m'dziko lonse."

A Njati adafika fumbi lili koboo. Adamva mbali zonse, adayang'ana Nanzikambe, yemwe chifukwa cha manyazi adasanduka mtundu umene palibe adauonapo, kenaka adaweruza. Benchi ya pakatiyo idaperekedwa kwa Gologolo wa mtedza, amene adali atachonga mwaulemu ndipo ankadikira ndi lichero pamutu.

"Yatsala imodzi," adatero a Njati, "ya kumapeto. Kumbuyo kwanu kuli Khoswe akuifuna. Muchonge pompano, apo ayi mazirawo mukawafungatire nokha."

Likongwe adayang'ana mazira ake. Adayang'ana Khoswe, yemwe chala adali atachikonzekeretsa kale. Adayenda kupita pa foni ngati wopita kumaliro, nalemba dzina, mudzi ndi malonda. Tsopano ankatha kulemba atatsinzina.

"A tcheya, ndichonga. Koma pasakhale kabanyira? Kalikonse. Ngakhale tsache."

"Palibe."

"Kamsomali kokolekera chipewa?"

"Mulibe chipewa."

"Ndigula."

"Palibe."

"Chabwino. Ndiye chimodzi chokha, chosawonongetsa komiti: onse atembenuke. Pasapezeke wonena kuti adaona Likongwe akuvomera."

A Njati adaseka mpaka mphuno kunyowa, nalamula kuti onse apereke msana. Msika wonse udatembenuka. Likongwe adamva kukoma pang'ono mumtima, poti china chake chinali chitachotsedwapo ndithu. Adatambasula chala, adachibweza, adachitambasulanso, n'kukhudza kabokosi mopepuka ngati woyesa moto wa mbaula.

Nanzikambe adayamba wanyambita galasi kuti atsimikize, kenaka adabiriwira. Batani lidadinidwa. Padapita kanthawi, ndiye pansi pa nthaka padamveka mawu a a Mfuko, aakulu ngati a m'mgolo: "Za Likongwe zafika! Wavomera!"

Mpheta, zimene palibe adaziuza kuti zitembenuke, zidagwetsa nyimbo. Mawu adali omwe aja, koma zidawaimba mwa chikwati, mwapang'onopang'ono, ngati zikuperekeza mkwati amene wakhala akuthawa zaka zambiri, ndipo ntchembere zidathira nthungululu zisanatembenuke n'komwe.

Benchi ya kumapeto idali yabwinobwino, yosagwedera, denga losadontha. Likongwe adadabwa kuti bwanji onse ankathokoza kuti sidawagwere, mpaka mnzake wa benchi yoyandikana adadzuka kudzamulonjera. Adali Kanyimbi, wogulitsa sopo.

"Takulandirani, aneba. Kuno n'kwa mtendere, anthu sachedwako."

Likongwe adafuna kuyankha, koma mpweya umene adakoka udamukhalitsa pansi.

Ofuna mazira ankafikabe, poti dzira silimera m'dimba. Woyamba adali mayi Mbawala, atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Mazira bwanji?"

Likongwe adatchula mtengo woyambira, uja timatchula tikudziwa kuti ndi bodza, woti wogula agwire pamtima n'kuitana makolo ake, inu mulumbire kuti mwapikula modula, iye achoke, inu mumuitane, mpaka mukumane pakati ngati anthu.

"Chabwino," adatero mayi Mbawala, naponya ndalama pa benchi.

"Chabwino chiyani? Mayi, dikirani! Mtengo umenewo ndi wongoyambira, ngakhale ine mwini sindingagule!"

Mayi Mbawala adali atafika kale pachipata. Adabwera wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu sadafunse n'komwe, adangoloza ndi chigongono. Likongwe adakweza mtengo kuti mwina wina apse mtima, koma adavomera. Adakwezanso mochititsa manyazi, adavomerabe, misozi ya fungo ili m'maso. Adayesa kumugwira mkono Fulu, poganiza kuti ameneyu sangathawe.

"Agogo, tanenani kuti zadula. Kamodzi kokha. Ndikuchotserani."

"Mwana wanga," adatero Fulu mutu uli m'chigoba, "ndisiye ndikapume."

Dzuwa lisanafike pamutu mazira onse adatha. Likongwe adakhala pa benchi yopanda kanthu, chibwano chili m'manja, thumba lili tho, mtima uli gwa ngati wa munthu amene wadya phwando lonse yekha m'nyumba yotseka.

"Aneba, mukudandaula chiyani?" adafunsa Kanyimbi. "Katundu watha."

"Watha, koma palibe wandikaniza. M'mawa wonse inde, inde, inde. Amenewa si malonda, ndi chopereka cha kutchalitchi." Kenaka diso lidawala pang'ono, adasendera pafupi atagwira mphuno. "Aneba, tikambirane ngati anthu. Fungo lanuli, simungachotsepo pang'ono?"

Kanyimbi adaganiza, adadzinunkhiza kukhwapa, napukusa mutu mwachisoni.

"Pepani aneba. Lomaliza ndi limeneli."

Yathera pompa nthano yanga. Woti yatalika adziwe kuti ndachotsapo kale.